Chilembo chikachoka m'buku sichiimbanso

 Awa ndi mawu amene ndinayankhula pa msonkhano wathu Loweruka lapitali. A sekilitale anati ndiwalembe kuti amene munali kumaliro ku Songani, ndi amene mudakali kusukulu, muwaone tisanavote. Ndawasiya mmene ndinawayankhulira, ndangochotsa pamene ndinachita chibwibwi.

Zikomo a tcheyamani, zikomo a patironi, zikomo nonse. Mwandipatsa mphindi zochepa, ndiye ndisachedwe m'njira.

Nkhani mukuidziwa. Mwezi watha agogo aja anatiitana n'kutipatsa kope la malemu amuna awo, amene anaphunzitsa kwaya kwa zaka zambiri kuno ku Malosa. Ndi kope lachikuto cholimba, longa lomwe amalembamo ngongole pa golosale. Nyimbo yoyamba ili ndi chaka cha 1978, yomaliza 1994. Zonse ndi zolemba pamanja, manotsi a d r m f s pamwamba, mawu pansi pake. Koma chimene chinatigwira mtima tonse ndi zilembo zoyambirira. Nyimbo iliyonse akuluwa ankaiyamba ndi chilembo chachikulu, china ngati bokosi la machesi, china ngati chikhatho, chojambula ndi bolopeni yofiira ndi yabuluu, pena ndi makrayoni. M wa nyimbo ya m'mawa ndi phiri lathu lomweli, nsonga ziwiri, dzuwa likusuzumira pakati. Y wa nyimbo ya maliro ndi mtengo wa mphanda, mbalame itatera pa nthambi imodzi. T wa nyimbo ya masika ndi phesi la chimanga lobereka uku ndi uku.

Ndiye panabwera ganizo loti tidule zilembo khumi ndi ziwiri zokongola kwambiri, tiziike m'mafulemu, tikagulitse pa chionetsero chathu cha Disembala, ndalama yake tionjezere pogula kiyibodi. Amene anabweretsa ganizoli sanalakwe kuganiza. Kiyibodi tikuifunadi, kubwereka kwatitopetsa, ndipo kope likangokhala m'kabati lidyedwa ndi njenjete. Ine ndinali mmodzi wa amene anaomba m'manja. Usiku womwewo ndinagula bandulo kuti ndione mmene anthu amaikira zilembo zotere m'fulemu. Zimene ndinapeza pa intaneti, ndi zimene ndinawerenga masiku otsatira, ndi zimene zandibweza. Ndiloleni ndikutengeni pang'ono kupita ku Ulaya wa zaka 600 kapena 700 zapitazo, tibwerera kuno pompano.

Nthawi imeneyo makina osindikizira mabuku kunalibe. Gutenberg anamaliza kusindikiza Baibulo lake cha m'ma 1455. Izi zisanachitike pafupifupi buku lililonse ku Ulaya linali lolemba pamanja, tsamba ndi tsamba. Komatu m'nyumba za amonke ndi m'matchalitchi akuluakulu kuimba kunali ntchito ya tsiku ndi tsiku. Amonke otsatira malamulo a Benedikito Woyera ankasonkhana kasanu ndi kawiri masana ndi kamodzi usiku, ndipo pa sabata imodzi ankamaliza masalimo onse 150, m'Chilatini. Taganizani anthu makumi awiri kapena atatu, aliyense afuna buku, ndipo buku limodzi limatenga miyezi kapena zaka kuti lithe. Angatani? Anapanga buku limodzi lalikulu, n'kuliika pa chotsamira chachitali pakati pa kwaya, onse n'kumawerenga pomwepo. Ku El Escorial ku Spain kuli mabuku otere opitirira 200, ndipo tsamba limodzi ndi lalitali pafupifupi mita yathunthu. Buku lotere munthu mmodzi sanyamula.

Masamba ake sanali a pepala ngati lathuli. Anali a chikopa cha mwana wa ng'ombe, nkhosa kapena mbuzi. Ankachiviika m'madzi a laimu, kuchotsa ubweya, kuchikunga pa mitengo, n'kuchipala mpaka chitapyapyala ndi kuyera. Pa mabuku aakulu kwambiri chikopa chimodzi chinkatulutsa tsamba limodzi kapena awiri basi. Inu amene kwanu kuli khola, werengani nokha kuti buku la masamba 200 ndi ziweto zingati. Cholembera chinali nthenga ya tsekwe yosongola ndi mpeni. Inki yakuda ankaipanga kuchokera ku timibulu tomera pa mtengo wa oak, kusakaniza ndi mchere wa chitsulo. Manotsi anali timabokosi takuda pa mizere inayi, osati isanu ngati ya lero. Njira yoika manotsi pa mizere anaikhazikitsa mmonke wa ku Italy, Guido wa ku Arezzo, cha m'ma 1025, ndipo ndi yemweyo amene anayambitsa zopatsa manotsi mayina achidule. Patapita zaka 800 a Sarah Glover ndi a John Curwen ku England anakonza mayina aja kukhala d r m f s l t, amishoni n'kubwera nazo kuno. Ndiye mukaona manotsi m'kope la agogo, dziwani kuti ndi chidzukulu cha mabuku akale aja.

Wolemba mawu akafika poyambira nyimbo ankasiya malo opanda kanthu, n'kulemba kachilembo kakang'ono pambali kuti wojambula adziwe choikapo. Wojambulayo amabwera pambuyo. Amayamba ndi golide. Amapaka phala lomata pamalo pake, n'kuliuzira mpweya wa m'kamwa kuti linyowe pang'ono, n'kuyalapo golide wosulidwa mpaka kupyapyala kuposa khoko la anyezi. Kenako amapukuta ndi mwala wosalala kapena dzino la galu, inde dzino la galu, mpaka awale. Utoto wabuluu wapamwamba unkachokera ku mwala wotchedwa lapis lazuli, wokumbidwa m'mapiri a ku Afghanistan, ndipo mtengo wake unkapikisana ndi golide. Utoto ankausakaniza ndi choyera cha dzira kapena ulimbo wa mtengo kuti ugwire pa chikopa. Azungu zilembozi amazitchula ndi mawu otanthauza kuti zowalitsidwa, chifukwa m'tchalitchi cha mdima golide uja ankaphethira ndi kuwala kwa kandulo.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Zilembo zimenezi sizinali zongokometsera. Zinali ndi ntchito. Buku ndi lalikulu, m'tchalitchi muli mdima, woimba waima patali. Apeza bwanji poyambira? Amayang'ana chilembo. Chikondwerero chachikulu chinali ndi chilembo chachikulu chokhala ndi chithunzi mkati mwake. Nyimbo yotsegulira Misa ya Pasaka m'Chilatini imayamba ndi R, ndiye mkati mwa R ankajambula Yesu akutuluka m'manda. Ya tsiku la Khirisimasi imayamba ndi P, ndipo m'mimba mwa P mumapezeka khanda m'khola. Masiku wamba anali ndi zilembo zazing'ono, chofiira kenako chabuluu, mosinthanasinthana. Wotsegula masamba akaona manda opanda kanthu amadziwa kuti wafika, asanawerenge n'komwe. Chilembo chinali ngati chikwangwani cha pamsewu: chimakuuza kuti apa ndi pa Domasi, apa ndi pa Malosa, tsika. Anzathu a ku madrasa mukudziwa zofanana ndi izi, mmene mutu wa sura umakhalira m'kabokosi kokongoletsa kuti diso lidziwe pomwe ina yathera ndi pomwe ina yayambira.

Nanga zinatheka bwanji kuti ine, pofufuza za mafulemu, ndipeze zilembo zimenezi zili zokhazokha, zopanda buku? Zinadulidwa, anzanga. Mu 1798 asilikali a ku France analowa mu mzinda wa Rome n'kufunkha katundu, kuphatikizapo mabuku a mapemphero a ku Sistine Chapel. Zaka zomwezo nyumba zambiri za amonke ku Italy zinatsekedwa, mabuku ake n'kumwazika. Mabuku aja anali olemera kunyamula, ndipo ogula sankafuna nyimbo, ankafuna zithunzi. Ndiye lumo linagwira ntchito. Wansembe wina amene anasanduka wamalonda, Luigi Celotti, anatenga zithunzi ndi zilembo zodulidwa kupita nazo ku London, ndipo pa 26 Meyi 1825 zinagulitsidwa pa okushoni ya Christie's. Kuchokera pamenepo inakhala fashoni. Anthu olemera ankamata zilembozo m'maalubamu ngati masitampa. Ngakhale John Ruskin, munthu wotchuka pokonda zaluso, analemba m'dayale yake mu 1854 kuti wathera madzulo akudula buku la Misa. Ku America, mphunzitsi wa zaluso wa ku Cleveland, Otto Ege, amene anamwalira mu 1951, anaphwasula mabuku ambiri akale n'kumagulitsa tsamba limodzilimodzi. Iye ankati akuthandiza kuti anthu ambiri aone kukongolako.

Mwamva? Ambiri mwa anthu amenewa sanali odana ndi mabuku. Ankawakonda. Anali ndi zifukwa zomveka, ngati zathu za kiyibodizi. Koma taonani zotsatira zake. Ku Florence kunali nyumba ya amonke ya Santa Maria degli Angeli, kumene mmonke Don Silvestro dei Gherarducci, amene anamwalira mu 1399, anajambula zilembo zokongola zedi m'mabuku a kwaya. Lero zilembo zake zina zili ku London, zina ku Cambridge, zina ku New York, pamene mabuku amene zinachokamo anatsala ndi mabowo ngati zenera lopanda galasi. Chilembo chili pakhoma, anthu akuchijambula ndi foni, koma palibe angaimbe kuchokera pa icho. Buku nalo lilipo, koma nyimbo ilibe mutu. Onse awiri aluza.

Chinthu chimene chinandikhudza kwambiri ndi ichi. Akatswiri a masiku ano akafuna kudziwa kumene chilembo chodulidwa chinachokera, amachitembenuza. Kuseri kwake amapeza zidutswa za mizere inayi ija, manotsi atatu kapena anayi, ndi theka la mawu a Chilatini. Kuchokera pa zidutswazo amayesa kulondola kuti linali tsamba liti la buku liti. Ku Switzerland kuli ntchito yotchedwa Fragmentarium, imene imasonkhanitsa zithunzi za zidutswa zotere pa intaneti kuti zolekanitsidwa zikumanenso, ngakhale pa kompyuta pokha. Anthu ophunzira kwambiri akuthera moyo wawo akulumikiza zimene lumo linalekanitsa madzulo amodzi.

Nditawerenga zimenezo ndinadzuka m'mawa, n'kupita kwa a patironi kukapempha kope lija. Ndinatsegula pa M wa phiri, n'kutembenuza tsamba. Mukudziwa chili kuseri kwa M? Mizere ya alto ndi tenala ya kolasi ya nyimbo yotsatira. Kuseri kwa Y wa maliro kuli vesi lachitatu la nyimbo ya ukwati. Ndinayang'ana zonse khumi ndi ziwiri. Palibe ngakhale chimodzi chimene kuseri kwake kuli koyera, chifukwa akuluwa pepala ankalisamala, ankalemba mbali zonse ziwiri mpaka m'mphepete. Ndiye tikadula zilembo khumi ndi ziwiri, tavulaza nyimbo makumi awiri ndi zinayi: khumi ndi ziwiri tazidula mutu, khumi ndi ziwiri taziboola pamimba.

Wina anena kuti nyimbo zili m'mabuku osindikiza, tikagula lina. Zina zilimodi. Ndinakhala pansi ndi buku la Nyimbo za Mulungu ndi buku la nyimbo la ku Anglican, n'kufananitsa. Zambiri ndinazipeza. Koma zilipo zina zimene pansi pake akuluwa analemba kuti anapeka okha, ndi zina zimene analemba kuti anazimva kwa amayi a m'mudzi n'kuziika manotsi, ziwiri mwa izo m'Chiyao. Zimenezo sizili m'buku lina lililonse. Sizili pa YouTube. Zili m'kope limeneli ndi m'mitu ya anthu ochepa okalamba, ndipo pa anthu amenewo chaka chino chokha taika awiri. T wa chimanga uja ali pa imodzi mwa nyimbo zimenezo.

Komanso m'mphepete mwa masamba muli zinthu zimene fulemu singanyamule. Pena analemba kuti a soprano asathamange. Pena kuti nyimboyi inaimbidwa chaka cha njala, anthu anali ochepa. Pena pali dontho la sera ya kandulo, kusonyeza kuti ankalemba usiku. Ndipo zilembo zija nazonso zinali ndi ntchito, ndendende ngati za amonke. Agogo anandiuza kuti mu kwaya ya nthawi imeneyo munali amayi ena osadziwa kuwerenga. Aphunzitsi akakweza kope m'mwamba, amayiwo ankaona phiri n'kudziwa kuti ndi ya m'mawa ija, akaona mbalame pa mtengo n'kudziwa kuti ndi ya maliro. Munthu ameneyu sanapiteko ku Florence. Anakumana ndi vuto lomwelo, n'kupeza yankho lomwelo, ndi bolopeni ya pa golosale.

Tisaganize kuti kutaya zolemba ndi nkhani ya kutali. Pompa pa Zomba, mu 1919, moto unapsereza maofesi a boma a Secretariat, ndipo zolemba zambiri za boma za zaka zoyambirira za utsamunda zinapita ndi utsi. Mpaka lero ofufuza mbiri ku National Archives, imene ili mu mzinda womwewo, amadandaula ndi dzenje limenelo. Umenewo unali moto, panalibe amene anavota. Ifeyo tikufuna kuchita ndi manja athu, titakhala pansi, titakwezanso manja. Ndipo tisadzinamize, timadula kale tsiku ndi tsiku osadziwa. Makope angati a kwaya amene tinakulungira mandasi kapena kuyatsira mbaula? Zithunzi zingati za tsamba limodzi zimene zimayenda pa WhatsApp, zopanda dzina la wopeka, zopanda vesi lomaliza, foni ikatayika n'kutha basi?

Pali chitsanzo china cha kuno ku Africa chimene chinandilimbitsa mtima. Ku Ethiopia, pafupi ndi Adwa, kuli nyumba ya amonke ya Abba Garima. Kumeneko amasunga mabuku a Uthenga Wabwino olemba pamanja pa chikopa, okhala ndi zithunzi zamitundumitundu, amene akhala zaka zoposa 1,300. Ali m'gulu la mabuku achikhristu okhala ndi zithunzi akale kwambiri pa dziko lonse. Sanapulumuke chifukwa cha ndalama ayi. Anapulumuka chifukwa eni ake, m'badwo ndi m'badwo, anakana kuwatulutsa. Kope lathuli lili ndi zaka zosakwana 50. Linapulumuka chiswe, linapulumuka mvula ya Freddy mu Marichi 2023 pamene denga la agogo linadontha, iwo n'kulikulunga m'chitenje ndi pulasitiki. Ndiye lidzafere m'manja mwa achinyamata ophunzira? Ayi, anzanga, zingakhale zamanyazi.

Sindinabwere kudzangokana. Kukana kopanda njira ina n'kosathandiza, ndipo kiyibodi tikuifunabe. Ndili ndi mapempho anayi.

Loyamba, tijambule kope lonse ndi foni, tsamba lililonse, kuyambira chikuto mpaka chikuto, masana pa khonde pomwe pali kuwala, motsatana bwino. Zithunzizo zikhale kwa anthu atatu osiyana komanso pa imelo ya kalabu, osati pa foni imodzi.

Lachiwiri, tipite kwa okalamba amene anaimba mu kwaya ija, atiimbire nyimbo zosasindikizidwa zija tikujambula mawu. Manotsi amakuuza pokwera ndi potsika, koma kakomedwe kake kali pakhosi pa amene anaimba. Izi zisadikire Disembala. Mawu a akulu amakoma akagonera, koma akuluwo sagonera mpaka kalekale.

Lachitatu, za ndalama. Mu kalabu muno muli anthu odziwa kujambula, ena mumalemba zikwangwani za mashopu pa msika, ena munkatijambulira mamapu ku Fomu 4. Agogo akalola, tikopere zilembo zija pa mapepala atsopano, tipange makadi a Khirisimasi ndi mafulemu, pansi tilembe kuti zachokera m'kope la aphunzitsi a kwaya. Chodulidwa chimagulitsidwa kamodzi kokha. Chokopera tingagulitse chaka chino, chaka chamawa, ndi chinacho, ndipo tingamujambulire munthu chilembo cha dzina lake lomwe. Gawo la ndalamayo lipite kwa agogo, chifukwa luso ndi la m'nyumba mwawo.

Lachinayi ndi limene ndikulilakalaka kwambiri. Tipange buku lathu lalikulu la kwaya. Tigule mapepala a manila, tilembe nyimbo zija ndi zilembo zoti munthu awerenge ataima mamita atatu, tisoke ndi ulusi wolimba, akalipentala athu apange chotsamira. Mukudziwa mmene zimakhalira pa pulakatisi: theka alibe foni, ena batire yatha chifukwa magetsi anazima, otsala aweramira pansi aliyense pa kagalasi kake, wotsogolera akuimbitsa mitu ya anthu. Buku limodzi lalikulu limadzutsa nkhope zonse kuyang'ana kumodzi. Amonke aja analipanga chifukwa cha kusowa, ifenso kusowa tili nako. Aliyense atenge nyimbo imodzi ndi chilembo chimodzi. Amene salemba bwino apake utoto, amene sapaka asoke. Mutu umodzi susenza denga.

Kope lenilenilo tilikulunge mu nsalu yoyera youma, tiliike m'bokosi pamalo okwera, kutali ndi khoma lonyowa. Osamata selotepi pong'ambika, imasanduka yachikasu n'kudya pepala. Osanyowetsa chala ndi malovu potsegula. Ndipo tilembe m'buku la maminitsi kuti lili kwa yani, kuti komiti ikasintha lisasowe.

A tcheyamani akundiyang'ana, nthawi yatha. Ndimalize ndi ichi. Tsiku limene agogo ankatipatsa kope lija sananene kuti tikagulitse, sananenenso kuti tikasunge. Anati ana inu mukaimbe. Ine nyimbo ya M wa phiri ija ndaiphunzira sabata ino, mzere wa tenala wokha, ndipo ndekha sikukoma. Loweruka likubwerali tikumana 2 koloko pamalo pathu pomwe paja. Tisanavote ndikupempha mphindi zisanu: a soprano, a alto ndi a besi mubwere msanga, tiiyese kamodzi kope lili lotsegula patsogolo pathu. Tikatha pamenepo, amene akufunabe lumo akweze dzanja, ndipo zimene ambiri asankhe ndidzazilemekeza.